Matayala a mvula ya 4 koloko

Malume anga anakana kukwera galimoto yanga, ndipo anakanira pagulu.

Linali Lamulungu, titangotuluka m'tchalitchi ku Rosettenville. Galimotoyo ndinali nditangoigula kumene, Toyota 86 yofiira ya 2013, yoyendapo kale koma yosamalika. Anthu anaizungulira monga mudziwa mmene timachitira ife a ku Joni wina akagula kanthu. Uyu kufunsa mtengo, uyo kufunsa ngati ingakafike ku Mwanza, amayi ena kudabwa kuti nanga ana azikhala pati poti zitseko n'ziwiri zokha. Ine mano ali mbee, ndinawatsegulira malume chitseko kuti ndikawatule kwawo ku Turffontein.

Iwo mipando sanaiyang'ane n'komwe. Anagwada pansi ndi suti yawo ya kutchalitchi, n'kuyamba kuwerenga m'mbali mwa tayala lakutsogolo, chala chikutsata zilembo. Anasunthira pa lina, kenako lina. Atamaliza onse anayi anadzuka, n'kusasa fumbi m'maondo.

"Mphwanga, galimoto wagula yabwino. Koma ine ndikwera teksi."

Anthu anaseka poyesa nthabwala. Iwo anatsanzika bwinobwino, n'kulunjika kokwerera teksi.

## Zomwe anaona atagwada

Malume ndi munthu wa matayala. Anabwera kuno ine ndili ku pulayimale, ndipo chibwerereni ntchito yawo ndi imodzimodziyo: kuvula tayala pa rimu, kuveka lina, kupopa, kumanga. Amagwira pa shopu ina cha ku Booysens. Galimoto yawoyawo sanakhalepo nayo, koma miyendo ya galimoto za eni yomwe yadutsa m'manja mwawo palibe angaiwerenge.

Madzulo ake ndinawaimbira foni kakukhosi kali kodzaza. Anandilekerera ndilankhule mpaka nditope, kenako anati, "Tenga tochi, tsika, ukawerenge wekha."

Matayala anayi, maina atatu. Akutsogolo awiri anali ofanana, mano adakalipo ambiri ndithu. Malume anati ndifune pomwe palembedwa DOT, nditsate mzerewo mpaka kumapeto pomwe pali manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chomwe tayalalo linapangidwa. Anga ankathera pa 15, kutanthauza 2015. Opanga matayala ngati Michelin amanena okha kuti tayala likakwana zaka 5 lizionedwa ndi wodziwa chaka ndi chaka, ndipo likafika zaka 10 lichoke ngakhale mano alipo, chifukwa labala amauma. Nditawalitsa tochi m'mizere ndinaona timing'alu tambirimbiri. Masana sitinkaoneka, poti wogulitsa anali atapaka matayalawo mankhwala akuda onyezimira aja.

Koma owathamangitsa kwenikweni malume anali akumbuyo. La kumanzere dzina lake, la kumanja dzina lakenso, onse maina oti sindinawamvepo, mizere yosiyana. 86 imakankha ndi miyendo yakumbuyo. Ukaponda moto potuluka pa kona, mphamvu yonse ya injini imathera pa matayala awiri amenewo. Lina likagwira msewu pomwe linzake lataya, mchira wa galimoto umalowera komwe wafuna wokha, iwe chiwongolero chili m'manja.

## Kwathu tayala silifa

Ife tinakula ndi funso limodzi pa nkhani ya tayala: kodi likhalitsa? Bambo anga anali ndi kapikapu konyamulira mbatata kuchokera ku Lizulu kupita ku Blantyre, ndipo tayala linkachoka pa galimoto pokhapokha mawaya ataonekera. Likachokanso silinkatayidwa. Mbali ina inkasanduka nkhwaila, chubu n'kukhala malegeni omangira katundu pa njinga, ndipo lina lathunthu ana tinkalikankha ndi timitengo tiwiri mpaka dzuwa kulowa. Sindikuseka ayi. Kwa galimoto yolemedwa, yoyenda pang'onopang'ono m'fumbi, funso limenelo ndi lanzeru.

Vuto ndi loti tinabwera nalo kuno osalisintha, n'kuwonjezerapo lachiwiri: ndi la kampani yanji?

Sabata yotsatira tinali kootcha nyama ku Cosmo City, ndipo nkhani ya malume inali itafika kale ine ndisanafike. Achimwene ena oyendetsa BMW anagamula asanakhale n'komwe pansi: Michelin basi, zinazo n'zoseweretsa ana. Alamu anga anati Pirelli, chifukwa chiyambire 2011 galimoto zonse za Formula 1 zimathamanga pa Pirelli, ndiye ndani angaposenso pamenepo. Mkulu wina yemwe amayendetsa thiraki kuchokera ku Durban kupita ku Lubumbashi anati iye moyo wake wonse waukhulupirira m'manja mwa Bridgestone. Ndiye panali mnyamata wina yemwe anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti akudziwa malo m'tauni pomwe anayi ogwirapo kale ndingawapeze pa mtengo wa limodzi.

Zinangokhala ngati za Bullets ndi Noma. Aliyense ali ndi timu yake, sasintha, ndipo ya mnzake sanaionerepo mwachifatse. Tinakangana mpaka makala kuzima, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wondifunsa kuti galimotoyo ndimayenda nayo kuti.

## Loweruka la ku Booysens

Malume anati ndibwere Loweruka chakumasana, makasitomala akachepa. Unali mwezi wa Novembala, kunja kukutentha kwa mtundu uja koti ukayang'ana kumwera umaona mitambo itayamba kale kuunjikana. Ndinapeza atatsamiritsa matayala anayi atsopano kukhoma, mapepala ake adakali omata. Ndinalunjika komweko, koma iwo anandiloza kreti yoti ndikhalepo.

"Umaweruka nthawi yanji?"

"Ma 4 koloko, malume. Nthawi zina hafu pasiti."

"Umadzera kuti?"

Ndinawafotokozera: kuchoka ku Midrand pa N1, kulowa M1 pa Buccleuch, kudutsa Sandton, Houghton, Braamfontein, msewu wosanja uja wa ku Newtown, mpaka kutsikira kwathu kumwera.

"Tsiku lililonse?"

"Lolemba mpaka Lachisanu."

"Ndiye ukugula tayala la 4 koloko masana, Okutobala mpaka Malichi, pa M1. Dzina tilipeza pambuyo."

Ndinayesa kuwakumbutsa kuti imeneyi si galimoto yopitira kuntchito chabe. Ndinatchula za maulendo okasangalala ku Hartbeespoort Lamulungu m'mawa, ndinatchula za Zwartkops komwe anthu wamba amaloledwa masiku ena kukathamangitsa galimoto zawo m'bwalo. Anandimvetsera akupukuta manja ndi kansanza.

"Ku Zwartkops ukaterereka umakaima mu udzu, anthu n'kukuseka. Pa M1 ukaterereka kumanzere kuli teksi yodzaza, kumanja kuli khoma la simenti. Ine ndikufunsa za kumene kulibe udzu."

Tili mkati mokambirana, kunja kunada mwadzidzidzi. Mphepo inayamba kuulutsa mapepala mumsewu, chiphaliwali ng'ani, bingu n'kugwedeza malata. Inayamba ndi madontho akuluakulu otalikirana, ndipo pasanathe nthawi yoti munthu atseke mawindo, inakhuthuka yonse pamodzi, matalala akusokosera padenga moti tinasiya kumvana. Galimoto ziwiri zinathawira pansi pa shedi ya shopuyo eni ake akuopa kuti ziphwanyika magalasi. Mukuidziwa mvula ya kuno. Sichenjeza, sikhalitsa, koma madzi omwe imatsitsa m'mphindi zochepazo ngalande zimalephera kumeza.

Malume anandigwira dzanja n'kundiimika pakhomo. Msewu wonse unali utasanduka madzi oyenda.

"Usayang'ane galimoto. Yang'ana kumbuyo kwake, pansi."

Inadutsa galimoto ina yatsopano. Kumbuyo kwake kunatsala mizere iwiri yakuda pomwe phula linaonekera, ndipo panapita kanthawi madzi asanabwererepo. Kenako inadutsa pikapu yakale yodzaza zitsulo, liwiro lofanana. Kumbuyo kwake kunalibe kanthu. Madzi anangogwedezeka n'kukhalanso chimodzimodzi.

"Waona? Yoyamba ija ikuponda msewu. Iyi ikuponda madzi."

Tinaima pakhomopo mpaka mvula kudula, iwo akuloza galimoto iliyonse yodutsa, ine ndikulosera ndisanayang'ane miyendo yake. Anandifotokozera akukuwa kuti ntchito ya mizere ya tayala ndi kukankhira madzi kumbali ndi kumbuyo kuti labala akhudze phula. Madzi akachuluka kuposa omwe mizere ingatulutse, kaya chifukwa mano atha kaya liwiro lakula, tayala limakwera pamwamba pa madziwo. Chiwongolero chimapepuka, injini imalira mosintha, ndipo mabuleki ngakhale akhale amakono aja a ABS alibe chogwira. Pa liwiro la makilomita 120 pa ola, lomwe ndi malire a pa msewu waukulu, galimoto imadutsa mamita 33 pa sekondi imodzi. Masekondi awiri oyandama ndi mamita 66 oyenda popanda woyendetsa.

Amene munalipo mu Novembala 2016 mukukumbuka zithunzi za N3 cha ku Linksfield, galimoto zitamira nthawi yoweruka ndipo anthu ena anataya miyoyo. Madzi ofika pamenepo palibe tayala lingakupulumutse. Koma masiku ambiri samafika pamenepo. Amangokhala kadziwe kosaoneka pansi pa mlatho kapena m'mphepete mwa khoma lapakati, ndipo apo ndi pomwe tayala limasiyana ndi linzake.

Tayala latsopano limabwera ndi mano a mamilimita 7 kapena 8. Lamulo la dziko lino limati asachepere milimita imodzi paliponse, ndipo timabampu tomwe tili m'kati mwa mizere timafanana ndi mano akatsala 1.6. Malume alibe nazo ntchito zonsezo. Kwa iwo galimoto yokankha ndi kumbuyo ikafika pa 3 nyengo ya mvula, matayala apite. Anawonjezanso kuti mvula yoopsa kuposa zonse ndi yoyamba, ya Seputembala kapena Okutobala, chifukwa oyilo ndi fumbi la miyezi yonse yachilimwe chozizira zimakhala zitamatirira pa phula, madzi akangogwa n'kusanduka thelezi.

Pobwerera m'kati ndinayang'ana matayala anayi aja kukhoma, ndipo sindinayambenso ndi zilembo zikuluzikulu.

## Kampani imodzi, ana ambiri

Chomwe tinkaphonya kootcha nyama kuja n'chakuti kampani iliyonse yaikulu imapanga matayala a ntchito zosiyana. Michelin yomweyo ili ndi Primacy, lofewa ndi losapokosera, ili ndi Pilot Sport la galimoto zothamanga, ilinso ndi Pilot Sport Cup 2 lomwe theka la mtima wake lili m'bwalo la mpikisano. Munthu akangoti "Michelin" sananene kanthu.

Nkhani ya 86 yeniyeniyo imaseketsa. Itatuluka mu 2012, ya marimu a mainchesi 17 inabwera ndi Michelin Primacy HP, tayala lomwe linkaikidwanso pa Prius, galimoto yosunga mafuta ija. Sikunali kuumira. Tetsuya Tada ndi anzake omwe anaipanga ankafuna kuti mchira uzisewera pa liwiro laling'ono, woyendetsa aphunzire kuugwira asanafike pa liwiro loopsa. Yotsatira yake, GR86, ndiyo anaiveka Pilot Sport 4 pa marimu a 18.

Palinso nkhani ya phiri lomwe tikukhalapoli. Johannesburg ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 17 pa 100 iliyonse. Ma kilowatt 147 olembedwa m'buku la 86 ndi a ku Durban, m'mphepete mwa nyanja. Kuno yanga ili ndi 120 ndi kangachepe. Galimoto ya mphamvu zotere kuiveka tayala la m'bwalo ndi kuwononga ndalama. Matayala amenewo mizere yake ndi yochepa komanso yosazama, amafuna atenthe kaye kuti agwire, ndipo m'mawa wa Juni kapena Julayi pomwe udzu umayera ndi chisanu amakhala gwa. Kutha kwake ndiye musanene. M'mbali mwa matayala ambiri muli nambala ya treadwear, yosonyeza kukhalitsa kwa tayala: Cup 2 imalemba 180 pomwe abale ake a pamsewu amayambira cha m'ma 300. Malume anachenjeza kuti nambalayi uziyerekeza m'kampani imodzi yokha, chifukwa kampani iliyonse imadziyeza yokha.

Kukhoma kuja kunali Michelin Pilot Sport 5, Bridgestone Potenza Sport, Goodyear Eagle F1 Asymmetric 6, ndi lina lotchipa lomwe dzina ndilisunga. Onse a saizi ya galimoto yanga, 215/45 R17. Ndinafunsa za Continental SportContact 7 yomwe achinyamata amaitama, koma imeneyo inatuluka mu 2021 kuyambira pa marimu a 19 kupita m'mwamba, ndiye inali nkhani ya galimoto za eni. Pirelli P Zero ya alamu anga tsiku limenelo panalibe ya saizi yanga.

Malume anandiloza pepala lomata pa tayala lililonse. Ku Ulaya lamulo limakakamiza kuti tayala likhale ndi chizindikiro chosonyeza mmene limadyera mafuta, mmene limapokosera, ndi mmene limaimira ponyowa. Za ponyowazi zimayambira pa A mpaka E. Kuno si lamulo, koma matayala ambiri ochokera kunja amafika nacho, ndipo chikasowa umatha kuchipeza pa intaneti. Omwe anakonza chizindikirochi ananena kuti pa liwiro la 80, kusiyana kwa mtunda woimira ponyowa pakati pa gulu lapamwamba ndi lotsikitsitsa kungafike mamita 18. Yezani mamita 18 pabwalo la tchalitchi muone kuti mulowa galimoto zingati. Ponyowa, atatu aja onse anali pa A. Lotchipa lija linali pa C.

"Nanga mwa atatuwa, malume, labwino ndi liti?"

Anaseka. "Akatswiri a magazini amawayeza ndi makina, chaka chino wapambana uyu, chaka chamawa uyo, kusiyana kwake masitepe awiri atatu. Iwe ndi phazi lako pa M1 sungawasiyanitse. Ona deti, ona mtengo, ndipo funsa ngati limodzi likafa mawa ungalipeze lomwelo mawa lomwelo."

Ine ndikuwonjezerapo zanga. Pakati pa akuluakuluwa ndi otchipitsitsa pali gulu lomwe timalinyoza chabe chifukwa silimveka bwino potchula: Hankook Ventus, Yokohama Advan, Falken Azenis, Kumho Ecsta, Toyo Proxes. Hankook imaikidwa ku fakitale pa BMW ndi Audi zina, ndiye si yoti munthu aziikwinyira nkhope. Ndikanakhala kuti ndalama zavutiratu ndikanayang'ana kumeneko ndisanaganize za ogwirapo kale. Amene muli ndi galimoto za ku Germany muonenso kachizindikiro kam'mbali: nyenyezi ndi ya BMW, MO ndi Mercedes, AO ndi Audi, N ndi Porsche. Limenelo ndi tayala lomwe linakonzedwera galimoto imeneyo, ngakhale dzina lifanane ndi la pashelefu.

Za matayala a ku China tisamangolankhula mwamwano. Alipo ambiri m'misewu muno, moti mafakitale a kuno anadandaula mpaka boma linawaikira msonkho wowonjezera mu 2022 ndi 2023. Mafakitalewo ndi Continental ku Gqeberha, Bridgestone ku Brits, Sumitomo yopanga Dunlop ku Ladysmith, ndi Goodyear yomwe inali ku Kariega mpaka kutsekedwa mu 2025. Pa kagalimoto ka mayi a kunyumba kopita ku sukulu ndi ku shopu pa 60, tayala lotchipa latsopano la deti yabwino silindisowetsa tulo. Kumbuyo kwa 86 nthawi yoweruka, ayi. Ogwirapo kale aja ndiye ndinawakaniratu. Malume anandionetsa mulu wa kuseri kwa shopu: lina lomatidwa m'mbali pomwe sipamatidwa, lina lojobedwa mizere yatsopano ndi chitsulo chamoto mpaka pafupi ndi mawaya, kunja kwake lokongola bwinobwino.

## Maenje

Alamu anga ankalimbikira kuti poti ndikusintha kale, ndiike marimu a 18 kapena 19, galimoto ioneke. Yankho lili m'manambala omwe aja. Pa 215/45 R17, 215 ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita, 45 ndi kutalika kwa khoma lake poyerekeza ndi m'lifupimo, kutanthauza mamilimita pafupifupi 97, ndipo 17 ndi rimu. Ukakwera pa 215/40 R18 khomalo limatsika kufika pa 86. Pa 19 limatsikanso.

Mamilimita amenewo ndiwo ali pakati pa rimu yako ndi mlomo wa dzenje. Ndipo maenje a m'dera lathu la kumwera mukuwadziwa, makamaka Febuluwale mvula itakumba, usiku magetsi a mumsewu atazima, dzenje litadzaza madzi kuoneka ngati palibe kanthu. Tayala la khoma lalifupi likamenya pamenepo limapanikizika pakati pa rimu ndi phula, ulusi wa m'kati umaduka, ndipo m'mawa umapeza chotupa m'mbali. Chotupa sichimatidwa. Tayala limenelo lafa, kaya linagulidwa dzulo, kaya dzina lake ndi lalikulu bwanji.

Ndinakhala pa 17. Buku la galimoto limafuna 87W, pomwe 87 ndi makilogalamu 545 pa tayala limodzi ndipo W ndi liwiro la 270. Atatu aja onse anali 91Y, onyamula 615 mpaka liwiro la 300. Kukwera pamwamba pa zomwe buku lanena palibe mlandu, kutsika ndiko koletsedwa. Mashopu ambiri kuno amagulitsanso inshuwalansi ya tayala likawonongeka ndi dzenje kapena msomali. Ndinaitenga, nditawerenga kaye kuti amabweza tayala lathunthu kapena amangowerengera mano otsala.

## Nkhani inafika kunyumba

Novembala ndi mwezi woipa kugula matayala kwa munthu wa ku Malawi. Foni imakhala ikulira za feteleza ndi mbewu, Disembala ali pakhomo, Januwale wa fizi ali kuseri kwake. Mtengo wa anayi aja unkayandikira lendi ya mwezi. Mayi a kunyumba atauona anaika foni patebulo mofatsa kwambiri, ndipo amene muli pabanja mukudziwa kuti kufatsa koteroko si mtendere.

"Gulani awiri. Enawo Febuluwale."

Si maganizo opusa. Munthu akagula awiri okha, atsopanowo amaikidwa kumbuyo, ngakhale galimoto ikhale yokoka ndi kutsogolo, chifukwa kutsogolo kukaterereka umatha kuchepetsa moto n'kuwongola, pomwe kumbuyo kukataya galimoto imazungulira. Koma kutsogolo kwanga kunali a 2015 aja, ndipo pomanga mabuleki kulemera kwambiri kumagwera kutsogoloko.

Anawaimbira okha malume ine ndili pomwepo. "A malume, awiri sangakwane kodi?"

"Apongozi, akanakhala a chaka chatha ndikanavomera. Awa ayi. Ngati ndalama palibe, galimoto iime, mphwangayo akwere sitima ya Gautrain mpaka ipezeke."

Galimoto inaimadi kwa kanthawi. Mnzanga wina wa m'chipereganyu chathu anavomera kuti tisinthane mwezi wolandira, iye adzatenge wanga wa Malichi. Feteleza anapita monga mwa nthawi zonse. Ndinatenga Goodyear, osati chifukwa inaposa zinazo, koma sabata imeneyo inali yotsikirapo mtengo, deti yake inali ya chaka chomwecho pa onse anayi, ndipo anandionetsa pa kompyuta kuti ku depoti alipo ena ambiri a saizi yomweyo. Ikanakhala sabata ina mwina bwenzi ndikulemba dzina lina pano.

## Mmene ikuyendera tsopano

Malume anaika okha. Anaonetsetsa kuti mbali yolembedwa OUTSIDE ili kunja pa onse anayi, popeza mizere ya matayala amenewa si yofanana m'kati ndi kunja. Anachita balancing, n'kuitumiza pa makina a alignment, pomwe zinapezeka kuti mwendo wina wakumbuyo unali wopotoka pang'ono ndipo ukanadya tayala latsopanolo mbali imodzi. Mpweya 2.4 monga palembedwa pa chitseko, woyeza m'mawa matayala asanatenthe. Anandiuzanso kuti makilomita mazana angapo oyamba ndiyende mwaulemu, chifukwa tayala latsopano limakhala loterera pamwamba mpaka lipalike.

Galimoto inasintha khalidwe, ndipo sikuti zonse n'zopindula. Ponyowa imaima molunjika, chiwongolero chimayankha msanga, ndipo pokhota pa Crown Interchange sindimvanso kumbuyo kukuganiza zake. Koma kusewera kwa mchira komwe a Tada ankafuna kuja kunachepa. Tayala logwira kwambiri pa injini ya mphamvu zochepa limaipangitsa 86 kukhala yaulemu, ndipo amene anaigulira kusewerako akhoza kukhumudwa. Ine ndinavomera kusinthanitsako. Mvula ikakhuthuka ndimatsikabe pa 80 kapena kucheperapo, n'kuchoka mu mzere wa kumanja komwe madzi amakonda kuima m'mbali mwa khoma. Tayala la A limangokuwonjezera malo, silichotsa madzi pa M1.

Achimwene a BMW aja mpaka lero akuti ndinaphonya, ndikanagula Michelin. Alamu anga akuti marimu a 17 akuichititsa manyazi galimoto. Akumbuyo ayamba kale kutha msanga kuposa akutsogolo, monga zimakhalira ndi galimoto yokankha ndi kumbuyo, ndipo poti onse ndi saizi imodzi tiziwasinthanitsa pa sevisi iliyonse kuti athere limodzi.

Chomwe chatsala ndi nkhani ya Disembala. Mayi anga akufuna galimotoyo ikaonekere kumudzi, ndipo azibale anga anauza kale anthu kuti ikubwera. Ndawauza kuti tibwera pa basi. Kuchoka pa Beitbridge, kudutsa Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Zobue ndi ulendo wa thiraki ndi maenje nyengo ya mvula, ndipo ine sindikufuna kukayendayenda m'tauni ya Tete usiku ndikufunsa 215/45 R17 m'Chipwitikizi. Mayi akuti nanga ndinaigulira chiyani, ndipo akuti ndiwapatse malume foni alankhule nawo okha.